Musanagule bokosi la ma effects, onani kaye kumbuyo kwa makina anu

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga pamodzi ndi mayankho amene abale aika kale. Mwati mumagwiritsa ntchito DDJ-400, makina a DJ a Pioneer, ndi laputopu, ntchito zanu zambiri ndi maukwati, zinkhoswe ndi mapate a ku Highfield, Mufakose ndi Chitungwiza kuno ku Zimbabwe, ndipo mwasunga madola 400. Mwapeza anthu atatu akugulitsa mabokosi a ma effects, makina osinthira kamvekedwe ka nyimbo, ogwirapo kale ntchito: RMX-500, Kaoss Pad KP3+, ndi RMX-1000 yomwe mtengo wake wapitirira thumba lanu. Ndiye mukufunsa kuti mutenge iti. Ambiri akutchulirani dzina la makina basi. Ine ndikuti dzinalo libwere pambuyo. Poyamba tembenuzani DDJ-400 yanuyo muone kumbuyo kwake, chifukwa mabowo ali kumeneko ndi amene akuuzeni chimene bokosi lililonse lingakuchitireni.

Mupezako bowo la USB, la maiki, ndi mabowo awiri a RCA, lofiira ndi loyera, olembedwa master. Basi. Send ndi return palibe, booth, bowo la masipika a DJ mwiniwake, palibenso. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Bokosi la ma effects limalumikizidwa m'njira ziwiri. Pa mikisa zikuluzikulu monga DJM-900NXS2, DJM-750MK2 kapena Xone:92 ya Allen & Heath, mikisa imatumiza mawu ku bokosi kudzera pa send, n'kuwalandiranso pa return. Pamenepo DJ amasankha yekha kuti nyimbo ya pa tchanelo ichi idutse m'bokosi, inayo ipite osakhudzidwa. Mavidiyo amene mumaonera pa YouTube, a ma DJ a m'makalabu akuzunguza RMX-1000, ambiri amakhala atalumikiza chonchi. Inu njira imeneyo mulibe. Yanu ndi yachiwiri: nthambo zichoke pa master, zilowe m'bokosi, zituluke kupita ku masipika. Chilichonse chotuluka mu DDJ-400 chidzadutsa m'bokosimo, mufune musafune.

Ganizirani bwino tanthauzo lake pa ntchito zanu. Muli pa ukwati, nthawi ya perekaniperekani yakwana, a MC agwira maiki akuitana akuchimuna kuti adzavine ndi ndalama m'manja. Maiki ija mwaibaya mu DDJ-400, ndipo mawu ake amatulukira pa master pomwepo. Inu mwaika echo kuti nyimbo ikome. Dzina la a malume a mkwati lituluka katatu kanayi, azimayi akumbuyo afunsana kuti aitana ndani, a MC akuyang'anani ndi diso lofiira. Pa ukwati mawu a MC ndiwo amabweretsa ndalama m'mbale, ndipo eni ukwati sadzakumbukira kuti echo yanu inali yokoma.

Chachiwiri n'chachikulu kuposa ichi. Posintha nyimbo, echo yabwino ndi ija imagwira nyimbo yotuluka yokha, mchira wake n'kumazirala pang'onopang'ono pamene yatsopano ikulowa yoyera. Bokosi lokhala pa master silingasiyanitse nyimbo ziwirizo, limaziphatikiza pamodzi n'kuzimenya zonse. Koma DDJ-400 yanuyo imatha kale zimenezi. Pa chigawo chake cha ma effects, Beat FX, pali kaswitchi kosankhira tchanelo 1, tchanelo 2 kapena master, ndipo tchanelo chilichonse chili ndi filter yakeyake. Choncho ngakhale mugule bokosi la mtengo wotani, posintha nyimbo mudzabwererabe ku echo ya mu rekordbox, pulogalamu ya pa laputopu yoyendetsera DDJ-400. Ngati chimene chikukusowani ndi kusintha nyimbo mosalala, madola anuwo asungeni, chifukwa chida muli nacho kale m'manja.

Palinso tina ting'onoting'ono. M'mahedifoni a pa DDJ-400 simudzamva zimene bokosi likuchita, popeza lili kutsogolo kwa makina anu, ndiye mudzadalira masipika a mu holo. Mukajambula mix yanu mu rekordbox kuti muike pa WhatsApp, ma effects a bokosi sadzamvekamo. Ndipo bokosi likazima, phwando lonse lazima nalo. Izi ndinaziona pa holo ina ku Mufakose, mnyamata wina akuseweretsa nyimbo bwinobwino. Magetsi atathima anayatsa jenereta, laputopu inali ikadali moyo ndi batire lake, masipika anadzuka, koma adaputa ya bokosi lake inali itapsa. Anthu anaima pabwalo manja m'chiuno iye akusolola nthambo mumdima ndi tochi ya foni kukamwa. Mukagula bokosi, muzikhala ndi tizitsulo tija tolumikizira RCA ziwiri m'thumba la malaya, kuti likafa mungolumikiza nthambo yolowa ndi yotuluka, nyimbo n'kupitirira.

Sindikukuletsani kugula ayi. Bokosi lili ndi zake zimene laputopu sipereka. Ma knob ake ndi akuluakulu, dzanja limawapeza osayang'ana, ndipo maso anu amakhala pa anthu ovina m'malo mwa sikirini. Silimalemetsanso laputopu. Koma vuto la maiki likonzeni kaye, ndipo kukonza kwake n'kosavuta. Ambiri a ife oyenda m'maukwati timakhala ndi kamikisa ka PA, ka Yamaha kapena Behringer, pakati pa makina ndi masipika. Lumikizani chonchi: DDJ-400 ilowe m'bokosi, bokosi lilowe pa tchanelo cha stereo cha kamikisako, maiki ya a MC ilowe pa tchanelo chakechake pa kamikisa komweko. Nyimbo muzizipinda mmene mungafunire, mawu a munthu atuluka oyera. Ngati kamikisa koteroko mulibe, kagulidwe koyamba bokosi lisanabwere.

Tsopano makina atatu aja.

RMX-1000 inatuluka mu 2012, ndipo mpaka lero mumaipeza m'makalabu ambiri kunjaku. Ili ndi zigawo zinayi: Isolate FX yodula kapena kukweza besi, mawu apakati ndi apamwamba, Scene FX yokwezera kapena kutsitsira nyimbo, X-Pad yoikirapo ng'oma zanu kapena kubwereza kachidutswa ka nyimbo, ndi Release FX, kandodo kamene mukakakankha kamachotsa ma effects onse kamodzi n'kukubwezerani nyimbo. Ndi makina abwino zedi, sindingawanyoze. Koma kukoma kwake kwenikweni kumaoneka pa mikisa ya send ndi return. Kukatenga ngongole chifukwa cha iyo, n'kukaiika pa master ya DDJ-400, mukhala mutalipira zambiri zimene simuzigwiritsa ntchito. Idzakupezani tsiku limene mudzakhale ndi mikisa yoyenera.

Kaoss Pad ndi mtundu wina. Korg inatulutsa yoyamba mu 1999, ndipo KP3+ ya 2013 ili ndi ma effects 150, mabatani anayi osungira ma sample, ndi kagalasi kamene mumayendetsapo chala. Kupita kumanja kumasintha chinthu china, kukwera m'mwamba kumasinthanso china. Kumbuyo kuli switchi ya Direct ndi Send, ndiye imagwira njira zonse ziwiri zija. Ndimaikonda munthu akakhala kunyumba akupanga nyimbo zake kapena akuseweretsa mawu a oimba. Pa ukwati ndimaikayikira. Chala chikaterereka ndi thukuta mawu amalumpha, ndipo pa ma effects 150 aja, amene mungayerekeze kuwaika pamaso pa apongozi a munthu ndi owerengeka. Imafuna nthawi yambiri yoiphunzira musanatuluke nayo.

RMX-500, ya 2014, ndi imene ndingakuuzeni kuti mutenge ngati mwatsimikiza mtima kugula panopa. Ili ndi ma knob awiri akuluakulu amene mumapotokola komanso kudinikiza. La kumanzere ndi Rhythm FX, lodula nyimbo ndi kuikamo kick, snare, clap ndi hi-hat. La kumanja ndi Scene FX, momwe muli echo, noise, spiral, reverb ndi ma filter. Release FX ilinso pomwepo, ndi zosankha zitatu: echo, vinyl brake ndi back spin. Mabowo ake ndi RCA, ofanana ndi anu, ndipo ntchito yake yaikulu, yokweza nyimbo mpaka anthu akuwe kenako n'kuigwetsa, imachitika bwinobwino pa master. Pa amapiano, pamene log drum yatsala pang'ono kulowa, mukakweza noise pang'onopang'ono n'kuimasula pa biti yoyamba, muona nokha mmene bwalo limayankhira.

Koma pali njira yachinayi imene palibe waitchula, ndipo ngati mtima wanu uli ku Zimdancehall ndi reggae, monga anyamata ambiri a ku Mbare, mwina ndiyo yanu. Echo imene timaimva m'nyimbo za dub inachokera ku Jamaica m'zaka za m'ma 1970, kumene akatswiri monga King Tubby ndi Lee Perry ankatumiza kachidutswa ka mawu kapena ka ng'oma ku makina a echo kudzera pa mikisa, osati nyimbo yonse. Roland RE-201 Space Echo ya 1974, ya tepi, ndi imodzi mwa makina otchuka a nthawi imeneyo. Inunso mungachite chimodzimodzi ndi pedulo ya delay ya oimba gitala, yolumikizidwa pa aux send, yomwe ndi send ya kamikisa ka PA kaja. Pamenepo mumasankha nokha: mawu omaliza a wogwira maiki alowe mu echo, riddim, ng'oma ndi besi za nyimboyo, ipite yoyera, kapena mutembenuze. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi RMX, ndipo oimba magitala a m'matchalitchi ndi m'mabandi a sungura amagulitsana mapedulo amenewa kawirikawiri.

Mukasankha njira imeneyi samalani zinthu zingapo. Pedulo izitulutsa echo yokhayokha popanda mawu oyambirira, apo ayi mawu adzamveka kawiri n'kupyapyala. Pa Boss DD-3, mukabaya pulagi pa bowo la Direct Out, bowo la Output limatsala ndi echo yokha. Ya DD-3T ili ndi tap tempo, njira youzira makina liwiro la nyimbo pogogoda, imene DD-3 yakale ilibe. Mapedulo ambiri anapangidwira mphamvu yochepa ya gitala, ndiye aux muziitsegula pang'ono, mukaikweza kwambiri mawu amasweka. Ndipo ngati echo mwaibwezera pa tchanelo wamba, aux ya tchanelo chimenecho ikhale pa ziro, chifukwa ikatseguka echo imadzidya yokha n'kulira mpaka kuwononga ma tweeter.

Nkhani ya tap tempo musaipeputse kuno kwathu. Mabokosi atatu aja amayesa kudziwerengera okha liwiro la nyimbo, ndipo pa house kapena amapiano, zopangidwa pa kompyuta, nthawi zambiri amalondola. Ikani sungura kapena nyimbo zakale za kumudzi zimene akuluakulu amapempha pa chinkhoswe, zoimbidwa ndi anthu ogwira ng'oma ndi manja, muona nambala ikuvinavina. Pamenepo mumagogoda batani la tap ndi chala motsatira nyimbo. Ngati pedulo yanu imaonetsa nthawi m'ma millisecond, masamu ake ndi awa: gawani 60,000 ndi BPM, chiwerengero cha mabiti pa mphindi imodzi. Riddim ya 100 BPM ikupatsani 600 pa biti imodzi, ndipo magawo atatu mwa anayi a biti, amene amapereka echo yodumphadumpha ija ya dub, ndi 450. Amapiano ya 112 BPM ndi pafupifupi 536 pa biti.

Pokagula, musalole kuonetsedwa magetsi akuthwanima basi. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyamulani DDJ-400, laputopu, nthambo zanu ndi sipika imodzi, mukalumikize pamaso pa mwiniwake. Potokolani knob iliyonse pang'onopang'ono kuchokera poyambira mpaka pothera, mukumvetsera ngati ikukanda kapena kulumpha. Pa RMX-500 dinikizani ma knob akuluakulu aja, chifukwa ndi amene amalandira nkhonya kwa ma DJ otengeka. Pa Kaoss Pad yendetsani chala m'makona onse anayi a galasi. Gwedezani nthambo pa mabowo a RCA nyimbo ikulira, mumve ngati mbali imodzi ikudukaduka. Kenako zimitsani ma effects onse, mufanizire mawu odutsa m'bokosi ndi mawu opita molunjika ku sipika. Ngati besi yachepa kapena mukumva kulira kwa mmmm pansi pa nyimbo, bwezani ndalama m'thumba. Ndipo lisiyeni liyake kanthawi ndithu mukucheza, chifukwa matenda ena amaoneka makina akatentha.

Adaputa muiwerenge ndi maso anu. Magetsi a kuno ndi a 220 mpaka 240 V, pamene makina ochokera ku America ena amabwera ndi adaputa ya 120 V yokha. Yolembedwa 100–240 V ndiyo yopanda nkhawa. Ngati mwiniwake wataya adaputa yeniyeni n'kuikapo ina yongogula m'tauni, onani ngati ma volt ndi polarity, mbali ya positive ndi negative, zikugwirizana ndi zolembedwa pa makinawo. Mapedulo a Boss amadya 9 V, negative ili pakati, ndipo adaputa yotembenuka ikhoza kuwapsereza. Pa madola otsalawo gulaniponso surge protector yabwino, ndipo nthawi yosinthira ku jenereta muzizula kaye makina anu mpaka jeneretayo itakhazikika. Ngati mukuganiza zoitanitsa ku Johannesburg pa basi, onjezerani mtengo wa wonyamula ndi msonkho wa pa Beitbridge, komanso dziwani kuti mukugula chinthu chimene simunachimve ndi makutu anu.

Ndiye kwa ine dongosolo ndi ili: kamikisa ka PA poyamba ngati mulibe, kenako RMX-500 ikapambana mayeso aja, kapena pedulo ya delay ngati ntchito zanu zambiri zili ku dancehall. Jambulani kamikisa kamene mumagwiritsa ntchito panopa, pamwamba ndi kumbuyo komwe, muike chithunzicho pano. Ndikaona ngati kali ndi aux send ndikuuzani nthambo zoti mugule ndi pobaya pake.