Musanathire mchere pa kasitima kanu, pitani kaye ku Braamfontein

Achimwene ena a ku Rosettenville mu Johannesburg, kwawo ku Mangochi, anditumizira imelo. Akuti anagula timabogi titatu takaunjika ta sitima ya chidole, ta kampani ya Lima, ta sikelo ya HO (yochepetsa sitima yeniyeni ka 87), koma tinkanyezimira kwambiri, ndiye anapaka kabogi kamodzi penti wakuda wosungunula kuti kaoneke kakale. "Panopa kakungooneka ngati kagwera m'thumba la makala," akutero. Akufunsa kuti pa tiwiri totsalato ayese njira ya mchere kapena ya sipuleyi ya tsitsi, zomwe anaona pa YouTube.

Achimwene, musagule kaye kanthu. Pitani ku Braamfontein mukaime pa mlatho wa Nelson Mandela, muyang'ane mabogi a sitima zonyamula anthu za Metrorail amene andandalikana pansipo. Muona kuti chakuda chenicheni n'chochepa. Penti wachikasu uja wafwifwa ndi dzuwa, padenga patuwa, ndipo kunsi, pozungulira mawilo, pali fumbi lofiirira lochokera ku mabuleki ndi ku njanji. Mvula ikagwa imatsitsa litsiro la padenga, n'chifukwa chake mizere yonse imaloza pansi, kuyambira m'makona a mawindo. Litsiro lililonse lili ndi gwero lake. Injini ya dizilo imada mwaye makamaka pozungulira potulukira utsi. Mabogi onyamula malasha kupita ku Richards Bay ndiwo amada ndithu, pomwe onyamula miyala ya chitsulo kuchoka ku Sishen kupita ku Saldanha amafiira. Jambulani ndi foni, chithunzicho chizikhala pambali panu mukamapenta.

Tsono za mcherezo. Mumayamba mwapaka mtundu wa dzimbiri, ukauma mumanyowetsa ndi madzi n'kuwaza mchere, kenako mumapopera penti wapamwamba. Mukachotsa mchere uja ndi burashi, pamatsala timawanga ta dzimbiri. Vuto ndi masamu. HO ndi 1:87, kutanthauza kuti kambewu ka mchere ka milimita imodzi kakuimira bala la pafupifupi masentimita 9 pa bogi yeniyeni. Mchere wa mibulu wa mamilimita 3 ukupatsani bala la masentimita 26, loyenera bogi yotayidwa kutchire. Komanso penti wapamwambayo ngofunika kupopera, poti burashi imangokokolola mchere, ndipo manambala ndi zilembo za ku fakitale zonse zimakwiririka. Kwa ine, kutaya zilembo za Lima chifukwa cha timawanga n'kuluza.

Sipuleyi ya tsitsi ndi yabwinoko chifukwa mumasankha nokha pomwe pakandike. Mukapopera kawiri mopyapyala pamwamba pa dzimbiri lija, n'kuikapo penti wa acrylic, mumanyowetsa pamalo pomwe mukufuna n'kumakanda pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano. Koma nayo imafuna kupentanso bogi yonse. Isungireni kabogi kanu kakuda kaja, poti kulibenso choti kangaluze.

Pa tiwiri tinato chitani izi. Popererani vanishi wosanyezimira wa acrylic, kunyezimira kuja kutha pomwepo ndipo ufa wa choko upeza pogwira. Gulani choko cha ojambula, chija amati soft pastel, osati chamafuta: chofiirira, chotuwa ndi chachikasu chonga dothi la pa zulu za migodi zomwe mphepo ya mu Ogasiti imatiwazira m'maso. Chipaleni pa sandpaper, ufawo muzipaka ndi burashi yofewa kuyambira kunsi kukwera m'mwamba, uzichepa mukamakwera. Mukapoperanso vanishi pamwamba, ufa wowala umazimirira kwambiri, musadabwe, ingobwerezani.

Mizere ya dzimbiri ndiye gawo lokoma. Tengani penti wamafuta wa burnt sienna, wofiirira ngati dzimbiri, mudonthetse kadontho kochepa kuposa mutu wa singano pa bawuti kapena pa hinji ya chitseko. Viikani burashi yaphwatalala mu white spirit (mankhwala osungunulira penti wamafuta), muipukute pansalu mpaka itsale yachinyezi chabe, kenako kokerani kadontho kaja pansi kamodzi. Kakachuluka, kokaninso mpaka katsale chizimezime. Penti wamafuta amachedwa kuuma, ndiye muli ndi nthawi yokonza, pomwe acrylic mumpweya wouma wa Johannesburg nthawi yozizira amakuumirani pa burashi. Thinners wa penti wa galimoto ayi ndithu, amasungunula pulasitiki. Pa masitepe ndi zogwirira, pomwe nsapato ndi manja zimapalapasa, pensulo wamba imapereka kuwala kwa chitsulo.

Pamalo pamene wilo limagunda njanji pasafike penti kapena vanishi. Pa injini ndi pomwe pamadutsa magetsi, pa bogi litsirolo limakamatirira pa njanji sitima n'kumadukizadukiza. Matani tepi musanapopere, kapena gululani mawilowo, ndipo tsegulani mawindo, makamaka ngati chipinda chomwe mukupenteracho ndi chomwenso mumagona.