Mayi akufunsa za Trinity ya ku Wall Street

Mayi wina wa Angilikani amene ali ku New York kolera mdzukulu wandilembera imelo. Mwana wawo akufuna kuwatengera ku Trinity Church, koma pachikwangwani palembedwa Episcopal, ndiye akuopa kukalandira Ukaristia mumpingo wa eni ake.

Mayi, mwanditosa pachilonda. Ine ndinakulira patchalitchi chomwe njerwa zake tinaumba tokha. Amayi anga ankalawirira kudambo ndi ndowa, ife ana tikuponda dothi mpaka miyendo kuchita dzanzi. Malata okha anatidyera zaka, pepa Sande pamwamba pa pepa Sande, azimayi akugulitsa zitumbuwa, mvula ikutinyowetsa tili pa misa. Ndiye tsiku lomwe ndinalowa mu Trinity, kuyang'ana zipilala zikukwera n'kukakumana kudenga mosongoka, galasi lamitundumitundu likuwala kuseri kwa guwa, mtima sunagwe pansi ayi. Ndinapsa nawo.

Chuma chonsechi gwero lake ndi malo. Mfumu William III ya ku England inavomereza parishi ya Trinity mu 1697, kenako mu 1705 Mfumukazi Anne inapereka munda wa maekala 215 pa chilumba cha Manhattan, ku New York komweko. Munda uja lero ndi tauni, ndipo mbali yomwe inatsala mpingo umadyerabe lendi. Musamve za mapemphero amphamvu apa, awa anangopatsidwa nthaka pamalo abwino.

Nyumba yomwe mukaoneyo ndi yachitatu. Yoyamba inapsa pa moto waukulu wa 1776, yachiwiri anaigumula chipale chofewa chitalemetsa denga cha m'ma 1839. Ya leroyi anajambula ndi Richard Upjohn, kutsanzira matchalitchi akale a ku England, ndipo inadalitsidwa mu 1846. Ndi ya miyala yofiirira, nsanja yake mamita pafupifupi 86, ndipo mpaka 1890 panalibe nyumba yaitali kuiposa mumzindamo. Lero yazingidwa ndi nyumba zosanja za mabanki, ikuoneka yaifupi.

Alendo amathamangira kumanda a Alexander Hamilton, mmodzi mwa oyambitsa dziko la America, amene anaomberedwa ndi Aaron Burr mu 1804. Ine ndinaima pamandapo ndikuganiza za omwe mulibemo. Mu 1697 momwemo analetsa kuika anthu akuda m'bwalo la tchalitchili, ndiye akapolo ankaikana kunja kwa mzinda. Mafupa awo anafukulidwa mu 1991 pokumba maziko a nyumba ya boma. Kwa ine, amene wafika ku Trinity osafika kumanda amenewo waona theka chabe.

Kunena chilungamo, zabwino ali nazo. Kachalitchi kawo ka St. Paul's Chapel, ka 1766, kanapulumuka pa 11 September 2001, zigawenga zitagwetsa nyumba zosanja zapafupi, ndipo opulumutsa anthu ankagona ndi kudya mmenemo kwa miyezi.

Nanga Ukaristia?

Landirani, mayi. Episcopal ndi Angilikani wa ku America. Dziko lawo litalandira ufulu sakanalumbiranso kumvera mfumu ya ku England, moti bishopu wawo woyamba, Samuel Seabury, anakadzozedwera ku Aberdeen ku Scotland mu 1784. Dongosolo la misa mukalizindikira msanga. Pali nkhani zina zomwe amasiyana maganizo ndi mabishopu athu, makamaka za maukwati, koma imeneyo ndi ya tsiku lina. Mukatuluka, muuze mwana wanuyo akuyendetseni chakumpoto mumsewu wa Broadway mpaka ku African Burial Ground, manda a akapolo aja, pafupi ndi Duane Street. Ndi poyenda wapansi, bola nsapato zafulati.