Ndagulitsa kachewere, ndalama yotsala ndiiike kuti?

Mayi wina wa kufupi ndi Lizulu wanditumizira imelo. Akuti chaka chino kachewere wachita bwino, ndipo atalipira aganyu ndi fizi ya ana, atsala ndi kangachepe. Mlongo wawo wa ku Blantyre akuti agule masheya, anzawo akuti awonjezere ku banki m'khonde, pomwe abambo a kunyumba akufuna mbuzi. Iwo akufunsa kuti: "Ndimvere ndani?"

Mayi, musanamvere aliyense, dzifunseni kaye kuti ndalamayi mudzaifuna liti.

Yomwe mudzagulire feteleza, mbewu ndi mankhwala opopera isapite ku masheya ngakhale pang'ono. Ine ndingakonde mutagula feteleza wakeyo panopa, n'kumusanja pamalo ouma. Mukukumbukira Novembala wa 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti kamodzin'kamodzi, itagwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Amene anamanga ndalama pa chitenje anadzuka nayo yonse, koma atafika kusitolo matumba omwe ankawerengera sanakwanenso. Nayo akaunti wamba ya kubanki imangokutetezani kwa akuba ndi moto. Chiwongoladzanja chake n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi mmene mitengo imakwerera, ndipo mu 2024 inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pa chaka.

Ngati pali ina yomwe simuikhudza kwa miyezi ingapo, funsani kubanki za fixed deposit, akaunti yomwe ndalama imakhala osatapidwa kwa nthawi yomwe mwagwirizana, kapena ma Treasury bill. Ma Treasury bill ndi ngongole yomwe inu mumabwereketsa boma kudzera ku Reserve Bank, kwa masiku 91, 182 kapena 364, ndipo mumadziwiratu kuti tsiku lakuti mudzalandira zingati. Zikakuchulukirani, pali ma unit trust, komwe anthu ambiri amasonkha ndalama ndipo akatswiri ndi amene amasankha koziika.

Tsopano za masheya, poti mlongo wanuyo sakunama. Kugula sheya ndi kugula kachigawo ka kampani. Msika wake ndi Malawi Stock Exchange ku Blantyre, komwe kampani yoyamba kulowa inali NICO mu 1996. Lero kuli Illovo, TNM, National Bank, Press Corporation, komanso Airtel yomwe inalowa mu 2020. Shuga amene mumathira mu tiyi ndi mayunitsi amene mumagula ndiwo amapezetsa ena mwa makampaniwa phindu. Akaganiza zogawa phindulo, aliyense amalandira molingana ndi masheya ake, ndiye dividend amanenayo. Mtengo wa sheya ukakwera muthanso kugulitsa n'kupeza pamwamba. Koma umatsikanso, ndipo chaka china dividend osabwera. Simugula nokha, mumadzera kwa broker wovomerezeka, mkhalapakati wokugulirani ndi kukugulitsirani masheya, amene amadula yake pogula ndi pogulitsa pomwe. Mwana akadwala usiku, sheya simungathamange nayo kuchipatala. N'chifukwa chake ndimati ku masheya kuzipita ndalama yomwe mungathe kuiiwala zaka zisanu kapena kuposerapo.

Banki m'khonde ndimailemekeza, yaphunzitsa ana ambiri kuno ku Ntcheu. Kungoti phindu lake limachokera m'matumba mwa mamembala omwewo akamabweza ngongole. Awiri atatu akalephera kubweza, tsiku logawana mumabwerako ndi misozi. Musaikeko zonse.

Abambo nawo ali ndi mfundo. Mbuzi imaswa, ndipo manyowa ake apita kudimba. Vuto ndi lakuti ambirife timagulitsa mbuzi mu Januwale ndi Febuluwale chimanga chikatha m'nyumba, nthawi yomwe aliyense wakokera yake kumsika ndipo mavenda amangotchula mtengo womwe akufuna. Onjezani matenda ndi akuba. Ziwiri zazikazi n'zokwanira poyambira.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi feteleza, kenako n'kupatula yadzidzidzi pa akaunti ya dzina langa, yoti ndithe kutapa tsiku lomwelo. Yotsalayo ndiye ndikanagawa pakati pa mbuzi ndi masheya ochepa oyeserera. Masheyawo alembedwe m'dzina lanu, Mayi, ngakhale okuthandizani kudzaza mafomu atakhala mlongo wanu.

Wina akakulemberani pa WhatsApp kuti ndalama yanu ichulukitsidwa kawiri pa mwezi umodzi, mufunseni chiphaso chake chochokera ku Reserve Bank. Akayamba kuzungulira, musatumize ngakhale tambala.