Mafunso a Zaumoyo: Kodi ALT Ikakwera M'magazi, Chiwindi Chawonongeka?

FUNSO: Adokotala, ndine bambo wa zaka 46. Mwezi watha ndinakayezetsa magazi chifukwa ndinkangomva kutopa, ndipo papepala la zotsatira panalembedwa kuti ALT yanga ndi 74, pamene pambali pake analemba kuti siyenera kupitirira 40. Amene anandipatsa pepalalo anangonena kuti ndi nkhani ya chiwindi ndipo ndibwerenso kudzayezetsa. Mowa ndimamwa mwa apo ndi apo, koma thupi ndilinalo ndithu, makamaka pamimba. Kuchokera tsiku limenelo tulo sitikubwera. Kodi chiwindi changa chayamba kufa?

YANKHO: Bambo, mtima m'malo. Nambala imene mwatchulayi ndi yoyenera kuifufuza, koma payokha siikunena kuti chiwindi chanu chikufa, ndipo siikutchula n'komwe dzina la matenda.

ALT ndi chidule cha dzina lakuti alanine aminotransferase, ndipo m'mapepala ena, makamaka akale, mudzaipeza italembedwa kuti SGPT. Imeneyi ndi enzayimu, kutanthauza puloteni imene ntchito yake ndi kufulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi. ALT imathandiza kusandutsa tizigawo ta mapuloteni kukhala zinthu zimene thupi lingapangire mphamvu, ndipo malo ake enieni ndi m'kati mwa maselo a chiwindi. M'magazi a munthu wabwinobwino imapezekamo yochepa chabe. Maselo a chiwindi akavulala, khungu lawo limayamba kudontha, ndipo enzayimuyi imatayikira m'magazi, kumene makina a mulabotale amaipeza n'kuiwerenga m'mayunitsi pa lita imodzi.

Taganizirani za mtsuko wa madzi umene mwaupeza pansi pake patanyowa. Chinyezicho chikukuuzani kuti penapake pali mng'alu, koma sichikukuuzani chimene chinaung'alula, ndiponso sichikukuuzani kuti mumtsukomo mwatsala madzi ochuluka bwanji. Ndi mmenenso ilili ALT. Imasonyeza kuti maselo ena akuvulala panopa, koma siyeza mphamvu za chiwindi pogwira ntchito. Dokotala akafuna kudziwa zimenezo amayang'ana zina: albumin, amene ndi puloteni wopangidwa ndi chiwindi, bilirubin, amene akachuluka amachititsa maso ndi khungu kuoneka achikasu, ndiponso nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, chifukwa zinthu zambiri zoundanitsa magazi zimapangidwa m'chiwindi momwemo. Ngati zitatuzi zili bwino, ndiye kuti chiwindi chanu chikugwirabe ntchito yake ngakhale ALT yakwera.

Malire a 40 amene munaona si lamulo la dziko lonse. Labotale iliyonse ili ndi malire ake malinga ndi makina ndi njira imene imagwiritsa ntchito, ndipo ena amaika malirewo pamwamba pa 50. Bungwe la American College of Gastroenterology linanena mu 2017 kuti kwa anthu athanzi lenileni malirewo ayenera kukhala otsikirapo, pakati pa 29 ndi 33 kwa amuna, ndi pakati pa 19 ndi 25 kwa akazi. N'chifukwa chake madokotala amakonda kufunsa kuti nambala yapitirira malire kangati. Poyerekeza ndi malire a 40 aja, yanu siinafike n'kawiri komwe, ndipo kumeneko timati kukwera pang'ono. Pamene chiwindi chavulala mwadzidzidzi komanso kwambiri, ALT imadutsa 1,000, nthawi zina kufika masauzande angapo, ndipo zimene zimachititsa zotere n'zochepa: kumwa paracetamol wopitirira muyezo kapena mankhwala ena owononga chiwindi, matenda otupa chiwindi amene angoyamba kumene chifukwa cha kachilombo, ndiponso kuchepa kwadzidzidzi kwa magazi opita kuchiwindi, monga mtima ukalephera kupopa bwino.

Kwa munthu wa msinkhu wanu amene mimba yatsogola, chinthu choyamba chimene ndingaganizire ndi mafuta ounjikana m'chiwindi. Vutoli limayendera limodzi ndi kunenepa, matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwa mafuta m'magazi, ndipo m'mayiko ambiri ndilo limene limakweza ALT pang'ono kawirikawiri kuposa china chilichonse. Kwa zaka zambiri linkatchedwa NAFLD, koma mu 2023 akatswiri anagwirizana zolitcha MASLD pofuna kusonyeza kuti gwero lake ndi kasinthidwe ka shuga ndi mafuta m'thupi. Ubwino wake ndi wakuti limabwerera m'mbuyo. Munthu akachepetsa kulemera kwake ndi magawo 7 mpaka 10 pa 100 alionse, mafuta ndi kutupa kwa m'chiwindi zimachepa moonekeratu, kotero kuti kwa munthu wolemera makilogalamu 90, tikunena za makilogalamu 6 mpaka 9, ochotsedwa pang'onopang'ono m'miyezi ingapo.

Komabe sindingafune kuti dokotala wanu aime pomwepo asanayeze matenda otupa chiwindi a mtundu wa B ndi C, chifukwa amenewa amakhala m'thupi zaka zambiri osaonetsa chizindikiro chilichonse. Bungwe la World Health Organization linapeza kuti mu 2022 anthu pafupifupi 254 miliyoni padziko lonse anali ndi mtundu wa B wokhalitsa, ndipo pafupifupi 50 miliyoni anali ndi mtundu wa C, ambiri mwa iwo osadziwa.

Za mowa wa apo ndi apo ndikupemphani kuti mukazinene mosabisa, pakuti mawu amenewa aliyense amawamva mwa njira yake. Magazi nawonso amapereka umboni wawo. Pali enzayimu ina, yotchedwa AST, imene kawirikawiri imayezedwa pamodzi ndi ALT, ndipo kuyerekeza ziwirizi kunayamba ndi dokotala wa ku Italy, Fernando De Ritis, mu 1957. Mowa ukakhala ndiwo wavulaza chiwindi, AST imakonda kuposa ALT kawiri kapena kupitirira, ndipo enzayimu yachitatu, GGT, nayonso imakwera. Pamene vuto ndi mafuta ndipo silinafike patali, ALT ndiyo imakhala pamwamba. Koma AST imapezekanso yambiri muminofu ndi mumtima, kotero kuti munthu amene wanyamula zolemera kapena wathamanga mtunda wautali masiku ochepa asanayezetse akhoza kukhala ndi manambala okwera chiwindi chake chili bwinobwino.

Mukamabwerera kuchipatala mutenge mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, kuphatikizapo ogula nokha, azitsamba, ndi aja amati ndi owonjezera mphamvu kapena ochepetsa thupi. Anthu ambiri saawerengera amenewa ngati mankhwala, chonsecho onse amadutsa m'chiwindi. Paracetamol sayenera kupitirira magalamu 4 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo kwa womwa mowa kwambiri kapena wochepa thupi muyezowo umatsika. Mankhwala a chifuwa chachikulu, monga isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide, amadziwika kuti amakweza ALT, koma wodwala asawasiye yekha: madokotala amawaimitsa nambala ikapitirira malire kasanu, kapena katatu ngati munthuyo akusanza, akumva ululu m'mimba kapena maso asanduka achikasu.

Amene anakuuzani kuti mubwerenso sanakunyozeni, ngakhale kuti akanachita bwino kukufotokozerani chifukwa chake. ALT imene yatayikira m'magazi imatsika ndi theka pa masiku awiri alionse ngati chovulaza chachoka, ndipo anthu ena amene nambala yawo inakwera pang'ono amapezeka ali bwino akayezedwa kachiwiri. Musanapite, lekani mowa kotheratu ndipo mupewe masewera olemetsa thupi kwa sabata imodzi. Ikapezekabe yokwera, chotsatira ndi kuunika chiwindi ndi makina a ultrasound ndi kuyeza shuga ndi mafuta. Koma mukaona chikasu m'maso, mkodzo wakuda, kutupa kwa mimba, kusanza magazi kapena kusokonezeka mutu, musadikire tsiku limene anakupatsani.

FUNSO: Adokotala, amuna anga anawapeza ndi matenda otupa chiwindi a mtundu wa B zaka zitatu zapitazo. Ulendo womaliza ALT yawo inali 28, ndipo iwo akuti achira, palibenso chifukwa chopitira kuchipatala. Kodi akunena zoona?

YANKHO: Mayi, funso lanuli likundidetsa nkhawa kuposa la bambo aja. ALT yabwino imangotanthauza kuti pa tsiku limene anatenga magaziwo maselo ambiri sanali kudontha. Kachilombo ka mtundu wa B kamakhala ndi nyengo zake: kamatha kukhala phee kwa zaka, kenako n'kudzukanso, ndipo nthawi iliyonse imene chiwindi chatupa chimatsala ndi zipsera. Zipserazo zikachuluka chiwindi chimauma n'kukwinyika, matenda amene amatchedwa cirrhosis, ndipo chodabwitsa n'chakuti munthu wofika pamenepo akhoza kukhala ndi ALT yooneka yabwino, chifukwa maselo amoyo oti n'kudontha atsala ochepa. Khansa ya chiwindi nayonso imatha kuyamba mwa munthu wa kachilomboka ngakhale nambalayi isanasunthe.

Auzeni bambowo mwaulemu kuti apitirize kukaonana ndi dokotala miyezi 6 mpaka 12 iliyonse. Kumeneko akayang'ana ALT, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ndiponso zizindikiro za zipsera, zimene njira ina yosavuta yoziyerekezera ndi kuwerengera AST pamodzi ndi timaselo toundanitsa magazi. Zotsatira zimenezi ndizo zidzasonyeze ngati nthawi yakwana yoyamba mankhwala monga tenofovir, amene amapondereza kachilomboka ngakhale kuti sakachotsa kotheratu. Inunso, pamodzi ndi ana ndi onse a m'nyumbamo, mukayezetse, ndipo amene apezeke kuti alibe kachilomboka komanso sanabayitsepo katemera wake akabayitse.