Andilipiritsa chindapusa, koma galimoto ya pachithunzi si yanga

Funso: Akonzi, ndimakhala ku Leicester, ku England. Ndalandira kalata yochokera ku kampani ina yoyang'anira malo oimika magalimoto yakuti ndilipire £100, ati galimoto yanga inakhalitsa pabwalo la sitolo ku Bristol. Ine ku Bristol sindinapondeko. Pachithunzi pali galimoto yoyera, yanga ndi yabuluu, koma nambala ikukhala ngati yanga. Akuti ndikalipira pasanathe masiku 14 ndipereka £60 yokha. Ndilipire, kapena ndingoitaya kalatayo? Ndine mayi wa ku Leicester.

Yankho: Mayi, musachite chilichonse mwa ziwirizi. Mukalipira, kampaniyo imatseka nkhani ndipo apilo simungachitenso. Mukangokhala chete, imatumiza otolera ngongole omwe amawonjezera mpaka £70, ndipo mapeto ake akhoza kukhala kukhoti. Ena amati pepala la kampani lilibe mano poti si la khonsolo. Maganizo amenewo anatha ntchito mu 2015, pamene khoti lalikulu la Supreme Court linagamula pa mlandu wa kampani yoyang'anira malo oimika magalimoto ya ParkingEye ndi woyendetsa galimoto wina dzina lake Beavis kuti chindapusa cha £85 chinali chovomerezeka.

Zimayamba motere. Pachipata pamakhala kamera yowerenga nambala galimoto ikamalowa ndi potuluka. Nambala ikakhala ndi matope, kapena kamutu ka bawuti kakakhala pakati pa chilembo, kompyuta imasokoneza 8 ndi B, kapena D ndi O. Kampaniyo imatumiza nambala yolakwikayo ku DVLA, ofesi ya boma yosunga kaundula wa magalimoto, nkupatsidwa dzina ndi adiresi ya munthu wosalakwa, nthawi zina popanda woyang'ana n'komwe chithunzicho.

Ndiye kulitsani chithunzicho pa webusaiti yawo muwerenge chilembo chimodzichimodzi. Chimodzi chikasiyana, nkhani yanu njopepuka. Zikafanana zonse pomwe galimoto ndi ina, ndiye kuti wina wakopera nambala yanu, ndipo limeneli ndi vuto lalikulu kuposa £100, chifukwa zindapusa za liwiro nazonso zizibwera kwa inu. Kauzeni apolisi akupatseni nambala ya mlandu, kenako dziwitsani a DVLA.

Apilo yoyamba imapita ku kampani yomweyo pasanathe masiku 28, molemba. Foni isiyeni, siisiya umboni. Lembani nambala ya kalatayo, nenani kuti ndinu wosunga galimoto wolembetsedwa ndipo galimoto ya pachithunzi si yanu. Musawathandize kuganizira yemwe ankayendetsa. Tumizani kope la V5C, chikalata chosonyeza kuti galimoto inalembetsedwa m'dzina lanu, pomwe pamaoneka mtundu ndi kampani yopanga galimotoyo, zithunzi za galimoto yanu kutsogolo ndi kumbuyo nambala ikuwerengeka, ndiponso chilichonse chosonyeza komwe galimotoyo inali tsikulo, kaya lisiti la kugalaja kapena tikiti yoimikira kwina. Lozani timasiyanidwe tating'ono: matayala, chomata pagalasi, maonekedwe a magetsi. Pemphani afafanize chindapusa ndi kuchotsa dzina lanu m'kaundula wawo.

Onaninso madeti. Malinga ndi lamulo la Protection of Freedoms Act la 2012, ngati pagalasi sanamatepo tikiti, kalata iyenera kufika kwa wosunga galimoto pasanathe masiku 14 chichokereni tsiku lomwe galimoto inaimikidwa kuti amuimbe mlandu m'malo mwa woyendetsa. Ikachedwa, imeneyo ndi mfundo yachiwiri, ngakhale kwa inu yoyamba ija njokwanira.

Akakana, kalata yokanayo idzakuuzani kopita. Makampani a m'bungwe la British Parking Association amapereka nambala ya manambala 10 yokachitira apilo ku POPLA, bungwe loima palokha lomva madandaulo otere, ndipo muli ndi masiku 28. A m'bungwe la International Parking Community amakutumizani ku IAS, bungwe lina lomva madandaulo otere. Tsiku lomaliza lioneni m'kalatamo. Apilo ya ku POPLA njaulere, koma mukagonja kumeneko mtengo wochotsera uja sukhalaponso.

Akamaumirirabe umboni uli poyera, apempheni zonse zomwe akusunga zokhudza inu, ayenera kuyankha mwezi usanathe, ndipo mukhoza kukadandaula ku ICO, ofesi yoonetsetsa kuti makampani akusamala zomwe amasunga zokhudza anthu. Pepala lochokera kukhoti likabwera, yankhani pasanathe masiku 14, chifukwa chigamulo chopangidwa inu muli chete chimakhala pa mbiri yanu ya ngongole zaka 6 ngati simulipira mwezi usanathe.