Kodi wa mu laibulale ya ana ayenera kudziwa za kakulidwe ka maganizo a mwana?

Mwafunsa ngati wogwira ntchito mu laibulale ya ana ayenera kuphunzira za kakulidwe ka maganizo a mwana, popeza ena amati ntchito yake ndi yongosamala mabuku. Ine ndikuona kuti ayeneradi kutero.

Katswiri wa ku Switzerland, Jean Piaget, anagawa kakulidwe ka nzeru za mwana m'magawo anayi. Kufikira zaka ziwiri, khanda limaphunzira pogwira, kuyang'ana ndi kulawa, choncho mukaliona likutafuna ngodya ya buku musalikalipire, koma lipatseni mabuku a nsalu kapena a masamba olimba. Kuyambira zaka 2 mpaka 7, mwana amakhulupirira kuti zidole zimamva ngati iye, ndipo amapempha nthano imodzimodziyo mobwerezabwereza, zomwe ife akuluakulu zimatitopetsa ngakhale kuti iye zimamuthandiza kugwira mawu atsopano. Wa zaka 7 mpaka 11 amayamba kuika zinthu m'magulu, ndiye ino ndi nthawi yomuonetsa momwe mabuku amasanjidwira pa mashelefu. Akapitirira pamenepo amatha kulingalira za zinthu zosaoneka ndi maso, monga chilungamo.

Komabe chimene chimandithandiza kwambiri ndi chiphunzitso cha katswiri wa za maganizo wa ku Russia, Lev Vygotsky, chakuti mwana amakwanitsa zovuta pang'ono akathandizidwa ndi wodziwa kumuposa. Powerengera ana nthano, imani musanatsegule tsamba lotsatira, muwafunse chimene chichitike, kenako muwasiye atsutsane okha. Zaka ndatchulazi musazitenge ngati lamulo, chifukwa ana a msinkhu umodzi amasiyana kwambiri.