Postdoc ya khansa ya m'matumbo: yankho kwa achemwali a ku Cape Town

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe akumaliza PhD ya zamaselo ku Cape Town. Bambo awo anamwalira ndi khansa ya m'matumbo, ndiye akufunsa ngati n'chanzeru kupita ku UK kukachita postdoc (ntchito ya kafukufuku ya munthu amene wamaliza PhD) yofufuza mankhwala atsopano a matendawa, komanso asankhe labu yotani.

Achemwali, poyamba pepani za bambo. Ine ndikuti pitani, koma labu musaisankhe chifukwa cha dzina, yang'anani funso lomwe anthuwo akulimbana nalo.

Mu 2022 madokotala a pa chipatala cha khansa cha Memorial Sloan Kettering ku New York analengeza kuti odwala 12 a khansa ya kumapeto kwa matumbo atalandira mankhwala otchedwa dostarlimab, onse chotupa chinazimiririka osachitidwa opaleshoni, nkhani inamveka dziko lonse. Koma mankhwala oterewa, odzutsa chitetezo cha m'thupi, amagwira pa zotupa zomwe maselo ake amalephera kukonza zolakwika mu DNA, ndipo mwa odwala omwe khansa yawo yafalikira kale, otere ndi pafupifupi 5 okha pa 100. Ena onsewo akudalirabe 5-FU, mankhwala a 1957, wophatikiza ndi ena. Ndiye palinso jini ya KRAS yomwe imakhala yosokonekera mwa odwala pafupifupi 40 pa 100, ikatero mankhwala ena otchedwa cetuximab paokha sagwira. Ntchito yeniyeni ili pa anthu amenewa, ndipo labu yomwe ikufufuza chifukwa chake chitetezo cha m'thupi sichiona zotupa zawo ndi yomwe ine ndingathamangire.

Luso loti mukalitole ndi la ma organoid, timatumbo tating'ono tokulitsidwa mu labu, njira yomwe gulu la Hans Clevers linatulutsa ku Utrecht mu 2009. Lero amatenga maselo a chotupa cha wodwala n'kuyesa mankhwala pamenepo. Ku Glasgow gulu la Owen Sansom limadziwika pa khansa imeneyi, ku London kuli Institute of Cancer Research ndi Francis Crick Institute.

Musaiwalenso kuti postdoc ndi ya kontirakiti, nthawi zambiri zaka 2 kapena 3, lendi ya ku London imadya malipiro koopsa, ndipo kafukufuku amatha kukanika miyezi yambirimbiri inu mukungobwereza chomwechomwecho. Musanasaine lemberani anthu awiri atatu omwe anachokamo mu labuyo, muwafunse ngati bwanayo amalola postdoc kukhala mlembi woyamba pa pepa yofalitsa zotsatira za kafukufuku, komanso ngati pochoka amakulolani kutenga polojekiti yanu. Viza ya ku UK ya Global Talent, yomwe ofufuza amatha kutenga, ifufuzeni msanga.

Pa intaviyu nenaninso kuti zambiri za majini a khansa imeneyi zinachokera kwa azungu, za odwala a ku Africa n'zochepa, ndipo inu muli ndi anzanu m'zipatala za ku Cape Town omwe mungagwire nawo ntchito. Mukasankha malabu atatu ndilembereninso tiwaonere limodzi.